Situdiyo imene tinaisankha chifukwa cha chipinda cha madiramu: mmene ndikuionera patapita miyezi

Mnzanga wina woimba madiramu anandifunsa posachedwa ngati situdiyo imene bandi yathu yakhala ikujambulirako chimbale ndi yoti nayenso angaikeko ndalama zake. Yankho lake silikwana m'mawu amodzi, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Dzina la situdiyoyo sinditchula, popeza nkhani yathu ndi eni ake sinathe.

Tinaisankha chifukwa cha chipinda chake basi. Mawu a woimba, gitala, bezi ndi kiyibodi, masiku ano mungazijambule m'kachipinda kakang'ono kotchingidwa bwino, zikamveka ndithu. Madiramu salola zimenezo. Snare, ng'oma yaing'ono ija yokhala ndi mawaya pansi pake, ikalira imadzaza chipinda chonse, ndipo maikolofoni iliyonse imatola ng'omayo pamodzi ndi mawu obwerera kuchokera kumakoma, pansi ndi kusiling'i. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Siling'i ikakhala pa mamita 2.5, mawu apansi a pafupi ndi 69 Hz (kugwedezeka ka 69 pa sekondi) amangopita n'kubwerera pakati pa siling'iyo ndi pansi, n'kumakula kuposa ena onse, ndipo kick, ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi, imalira chakomweko. Ma overhead, maikolofoni oikidwa pamwamba pa madiramu, nawonso amayandikana kwambiri ndi siling'i, moti amamva cymbal, mbale yachitsulo ija, kawiri, koyamba ikangolira, kachiwiri itagunda pamwamba n'kubwerera patangopita mamilisekondi ochepa. Mawu awiriwa akakumana amafafanizana mwina ndi mwina, ndiye ma cymbal a m'zipinda zazifupi amamveka opyapyala, olasa m'khutu.

Chipinda cha situdiyo iyi siling'i yake ili pa mamita pafupifupi 5. Pansi ndi matabwa, makoma aatali sanayang'anizane ndendende, kumbuyo kuli ma diffuser, timatabwa tosiyanasiyana kuya tija tobalalitsa mawu, ndipo m'makona muli ma bass trap akuluakulu oyamwa mawu apansi. Mukawomba m'manja mumamva mawu akutalika pang'ono kenako n'kuzimirira bwinobwino, popanda kunjenjemera kuja kumene kumamveka makoma osalala akayang'anizana. Mpaka lero ndimachikonda chipindacho.

Zimene zikugwira bwino ntchito ndingozitchula mwachidule. Maikolofoni ndi odziwika aja: SM57 pa snare, D112 pa kick, MD 421 pa ma tom, ndi Coles 4038 awiri pamwamba, onse osamalidwa bwino. Aliyense ali ndi kabokosi kake kodzisankhira zimene akufuna kumva m'mahedifoni. Phokoso la panja sililowa. Injiniya wake ndi munthu wodekha, amayeza ndi tepi mtunda wochokera pakati pa snare kukafika pa overhead iliyonse kuti ufanane, ndipo sayamba kujambula asanamvetsere phase, kuti mawu a maikolofoni osiyanasiyana asafafanizane. Mafayilo onse amatipatsa tsiku lomwelo.

Chimene ndalama zathu zinagula kwenikweni ndi maikolofoni awiri amene amaikidwa patali ndi madiramu, aja timati ma room mic. Anali pa mamita pafupifupi 4 kuchokera pa kick, atakwezedwa m'mwamba. Mawu amafika kumeneko atachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 12, ndipo kuchedwa kochepa kumeneko ndi kumene kumauza khutu kuti ng'omazi zili m'malo aakulu. Injiniya atawapanikiza ndi kompresa, chipangizo chochepetsa kusiyana kwa mawu aphokoso ndi ofooka, n'kuwakweza, madiramu athu omwe aja anamveka ngati akula kawiri. Anthu ojambula nyimbo anaidziwa kalekale njira imeneyi. Pa chimbale cha bandi ya Led Zeppelin cha mu 1971, injiniya Andy Johns anaika madiramu a John Bonham m'holo ya nyumba ya Headley Grange ku England, n'kupachika maikolofoni awiri a Beyerdynamic M 160 pamwamba chakumasitepe, ndipo kulira kwa ng'oma kumeneko anthu akukutsanzirabe. Ife sitinkafuna kufanana naye, koma tinkafuna kuti chipinda chimveke m'nyimbo zathu, ndipo chinamvekadi.

Vuto lili m'maikolofoni omwewo.

Tsiku loyamba palibe amene anamva kanthu. Tinalimva tikumvetsera kunyumba, pa nyimbo ina yodekha imene floor tom, ng'oma yakuya ija yoima pansi ndi miyendo yake, imalira yokha kumayambiriro. Woimba madiramu wathu akangoimenya, pambuyo pake pamabwera kamkokomo kakang'ono, "zzz", kosatha ndi sekondi imodzi yomwe, ngati lata losakhomedwa bwino likamagwedezeka ndi mphepo. Tinayamba taganiza kuti ndi mawaya a pansi pa snare, chifukwa amenewo amakonda kuyankha tom ikalira. Titabwererako tinawamasula mawayawo, kamkokomo kali pompo. Tinamanga mabawuti onse a madiramu ndi a mastandi, tinachotsa ma cymbal, tinatulutsa snare m'chipindamo. Sikanachoke. Pa maikolofoni a pafupi ndi ng'oma kunalibe chilichonse, pa ma overhead kanali kutali kwambiri, koma pa ma room mic kanali poyera.

Amene anakapeza ndi injiniya. Anaika sipika pamene pamakhala madiramu, n'kuliza kamvekedwe kamodzi kosalala, akukakweza pang'onopang'ono kuchokera pa 40 Hz. Atafika chakuma 80 Hz chipinda chinayankha. Chinali chipaipi chachitsulo chobweretsa mpweya wozizira, chimene chimadutsa pamwamba pa khoma lakumbuyo, pafupi penipeni ndi malo amene ma room mic amamveka bwino kwambiri. Floor tom yathu ya mainchesi 16 tinaichuna chapafupi ndi kamvekedwe kameneko, ndiye ikalira chitsulocho chimagwedezeka nacho. Kuzimitsa makina oziziritsa mpweya sikuthandiza, chifukwa chimene chikugwedeza chipaipicho ndi ng'oma, makinawo alibe mlandu.

Chowawa chake n'chakuti kamkokomo kotere EQ, chipangizo chodula kapena kukweza mbali zina za mawu, siikachotsa. Chimene chimakayambitsa ndi mawu apansi, koma iko kamalira pamwamba, pamalo omwe pali kuthwa kwa snare ndi kuwala kwa ma cymbal. Mukakadula, mwadulanso zabwinozo. Ndiye kompresa ija imene imakometsa ma room mic ntchito yake ndi kukweza zonse zotsalira ng'oma ikatha kulira, choncho imakakweza nakonso.

Tinayesa njira zambiri, ndipo iliyonse inatilanda kanthu. Titaikweza chuni floor tom, kamkokomo kanachepa koma tom inataya kulemera kwake kumene nyimboyo inkafuna. Titaimata tepi kuti isalire motalika, inamveka yakufa. Titasunthira madiramu mbali ina ya chipinda, kick inayamba kumveka yotupa chifukwa inayandikira pakona. Titatsitsa ma room mic n'kuwatchingira ndi ma gobo, zotchinga mawu zija zosunthika, kamkokomo kanapita, koma kanapita ndi kukula konse kuja kwa chipinda. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa zimene tinajambula zinali zoti tikanazipeza m'situdiyo iliyonse yotchipa.

Eni situdiyo sanakane kuti vutolo lilipo, pamenepo ndiwayamikire. Koma analichepetsa. "Achimwene, muno ajambulamo anthu ambiri, palibe amene anadandaulapo," anatero. Ndinawayankha kuti, "Abwana, mverani nokha ma room mic okha, kompresa ili pomwepo." Anamvera, anagwedeza mutu, nalonjeza kuti aitana mmisiri. Ndikukhulupirira kuti ena sanadandauledi. Woimba madiramu wosamenya mwamphamvu sangachidzutse chipaipicho, ndipo ambiri masiku ano amalowetsa ma sample, mawu a ng'oma ojambulidwa kale kwina, m'malo mwa ng'oma zenizeni pa nthawi yosakaniza nyimbo, ma room mic n'kuwasiya pansi. Munthu amene wabwera chifukwa cha chipindacho ndi amene amakumana nalo vutoli. Nyimbo zimene situdiyo imakumvetserani pokuitanirani malonda zimakhalanso zomalizidwa kale, gitala ndi mawu zitaphimba zonse. Amene akusankha chipinda cha madiramu apemphe ma track osasakaniza, zojambulidwa za maikolofoni iliyonse payokha, amvere ma room mic paokha mokweza, ndipo ngati akuloledwa abweretse floor tom ndi kick zake azimenye mwamphamvu, munthu wina akuyendayenda m'chipindamo kumvetsera m'makona ndi pamwamba. Mphindi zochepa zimenezo zimaulula zambiri kuposa mndandanda wa zipangizo.

Mmisiri anabweradi, koma anangomata tepi ndi siponji pa chitsekero cha chipaipicho. Kwa kanthawi kunali zii, ndipo masiku amenewo tinajambula nyimbo zimene ndimanyadira kwambiri pa chimbale chonse. Pali ina imene madiramu ake tinangogwiritsa ntchito maikolofoni anayi, kick, snare ndi ma room mic awiri aja, ndipo ndikaimvera ndimaiwala zonse zimene ndalemba pamwambapa. Kenako tepi inamatuka, kamkokomo kanabwerera. Chipaipicho chikufunika kuchimanga bwino ku khoma ndi kuchikuta ndi zinthu zolemera zoletsa kugwedezeka, ntchito yofuna kutseka chipinda kwa masiku angapo. Eni ake sakufuna kutaya masiku amenewo, ndipo miyezi yadutsa akungoti tikonza.

Tsopano za ndalama, pomwe pandipweteka kwambiri. Tinalipiriratu maola ambiri pakamodzi chifukwa mtengo wa ola unkatsika mukatero. Maola amene tinathera posakasaka kamkokomo aja anawerengedwa onse ngati maola ojambula. Nyimbo zimene zinali zitajambulidwa kale, injiniya anazikonza ndi iZotope RX, pulogalamu ya pakompyuta yoyeretsa mawu, kufufuta kamkokomoko kamodzikamodzi pa kumenya kulikonse kwa tom. Anagwira ntchito yabwino, munthu wosadziwa sangazindikire. Koma bilu itabwera, maola okonzawo analinso pa ife. Ndinakwiya. Chitsulocho ndi cha nyumba yawo, sitinabwere nacho ife. Titakambirana kwa nthawi yaitali, anavomera kuchotsa theka la maola okonza, koma a kusakasaka aja anakana, ponena kuti chipinda chinali m'manja mwathu nthawi imeneyo ndipo sakanachipereka kwa wina. Mfundo yawoyo ndikuimva, koma sindikugwirizana nayo. Nditawerengetsera zonse, kuchotsera kumene tinapeza polipiriratu kunathera pomwepo, ndipo tinawonjezeranso zina.

Injiniya yekha ndilibe naye chifukwa. Iye ndi wolembedwa ntchito, za bilu salamula, ndipo kangapo anatsala nafe nthawi itatha osalemba kanthu. Ndikadzamva kuti wasamukira kwina ndidzamutsatira.

Ndiye kodi ndi situdiyo yabwino? Zimatengera tsiku limene mwandifunsa. Ndikamamvera nyimbo zija zimene tinajambula chipaipi chili chete, ndimati palibe chipinda china chimene ndinalowamo chomwe chingafanane nacho, ndipo mtengo wake ndi woyenera. Ndikayang'ana bilu ija, ndimaona kuti tinalipira mtengo wa chipinda chachikulu koma masiku ena tinagwiritsa ntchito theka lake. Kwa bandi yoimba modekha, kapena imene ikufuna madiramu ouma a maikolofoni apafupi, vutoli silingaoneke, koma otero alibenso chifukwa cholipirira siling'i ya mamita 5. Kwa woimba madiramu wamphamvu amene akufuna chipinda chimveke, ndinganene kuti apite, koma alipire tsiku ndi tsiku, asalipiriretu, ndipo agwirizane molemba kuti nthawi yotayika chifukwa cha vuto la nyumba kapena la zipangizo za situdiyo siwerengedwa.

Ife maola athu otsala sabwezedwa, choncho tiwagwiritsa ntchito pojambula mawu ndi magitala, zinthu zosadzutsa chipaipicho. Patsala nyimbo ziwiri zofuna madiramu. Ndawalembera eni ake kuti tidzazijambulira komweko pokhapokha chipaipi chitamangidwa ndiponso mfundo ya maola otayika ija italembedwa, apo ayi tizitengera kwina ngakhale kamvekedwe kake kadzasiyane ndi nyimbo zinazo. Sanandiyankhebe.