Sukulu za boma ku France, America ndi Finland: chingwe chili m'manja mwa ndani?

Kulikonse mwana amadzuka m'mawa, n'kukakhala pa desiki kumvera aphunzitsi. Koma mukafunsa amene amawalemba ntchito aphunzitsiwo, amene amakhoma denga likamadontha, ndi thumba lomwe ndalama zimachokera, mayankho ake amasiyana kwambiri.

Ku France chingwe chili ku Paris. Malamulo a 1881 ndi 1882 a Jules Ferry, nduna ya maphunziro ya nthawiyo, ndi amene anachititsa kuti sukulu za pulayimale zikhale zaulere, zokakamiza komanso zosaphunzitsa chipembedzo, ndipo mpaka lero unduna ndiwo umalemba silabasi ya dziko lonse. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, amalembedwa akapambana mayeso a mpikisano. Makhonsolo awo ndi osamalira nyumba za sukulu ndi zipangizo. Mwana wa ku Marseille ndi wa ku Lille amaphunzira zofanana, ndipo izi n'zabwino ndithu. Chondipweteka n'chakuti aphunzitsi a sekondale amagawidwa potengera mapointi, omwe amachuluka ndi zaka za ntchito. Wongoyamba kumene, wopanda mapointi, kawirikawiri amaponyedwa ku sukulu zovuta za m'mphepete mwa Paris, monga m'chigawo cha Créteil, ndipo akangounjika mapointi amapempha kusamuka. Ana a osauka amangokhalira kulandira aphunzitsi atsopano.

Ku America nkhani ndi ina. Boma la ku Washington limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama za sukulu. Zotsalazo zimachokera ku masteti (zigawo za dzikolo) 50 ndi madisitirikiti a sukulu oposa 13,000, ambiri mwa iwo oyendetsedwa ndi komiti yosankhidwa pa voti. Apa pali chinthu chomwe ndimachisirira. Kholo limapita ku msonkhano wa komiti madzulo, n'kuimirira pamaso pa anthu, kufunsa chifukwa chake basi ya sukulu ikuchedwa kapena kalasi yadzaza, ndipo likapanda kukhutira limadikira tsiku la voti. Ku France kholo lotere lingayambire pati?

Koma ndalama zambiri za disitirikiti zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'deralo. Kumene kuli nyumba zodula, sukulu imasambira m'ndalama ngakhale msonkho utakhala wotsika. Kumene kuli nyumba zotsika mtengo, anthu amadzifinya ndi msonkho wokwera koma n'kutolera zochepa. Makolo a ku Edgewood, dera losauka la mumzinda wa San Antonio ku Texas, anatengera nkhaniyi kukhoti. Mu 1973 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza 5 kwa 4, kuti dongosololi silikuphwanya malamulo aakulu a dziko. Masteti ambiri pano amathira ndalama zoonjezera m'madera osauka, komabe adiresi ya makolo imalemera kwambiri pa tsogolo la mwana. Ine izi sindingazivomereze.

Germany ili pakatikati: zigawo zake 16 chilichonse chili ndi unduna wake wa maphunziro. Pulayimale ndi ya zaka 4 m'zigawo zambiri koma ya zaka 6 ku Berlin ndi Brandenburg, choncho banja likasamuka mwana amasokonezeka.

Finland inagawa ntchito mwanjira yomwe imandigwira mtima. Boma limalemba mfundo zikuluzikulu za silabasi, makhonsolo pafupifupi 300 ndiwo amayendetsa sukulu, ndipo boma limaonjezera ndalama ku makhonsolo omwe amatolera msonkho wochepa. Mphamvu zili pafupi ndi kholo monga ku America, koma thumba silidalira chuma cha dera lokha. Oyendera sukulu anawathetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Palibe mayeso a dziko lonse kufikira kumapeto kwa sekondale, ndipo chakudya cha masana ndi chaulere kuyambira 1948. Chinsinsi chake n'chakuti mphunzitsi, ngakhale wa kalasi yoyamba, amakhala ndi digiri ya masitazi, n'chifukwa chake boma limatha kumusiya osamulondalonda. Dziko lothetsa oyendera sukulu lisanaphunzitse aphunzitsi ake chotero lingangosiya ana pamtetete.

Nditati ndisankhe, ndingatenge njira ya Finland, ndalama zofananizidwa ndi boma koma zochita za tsiku ndi tsiku zili kwa khonsolo ndi mphunzitsi. Ndikunena izi ndikudziwa kuti zotsatira za ana a ku Finland pa mayeso a PISA, oyerekeza ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana, zakhala zikutsika kuyambira 2006, makamaka pa masamu, ndipo eni ake akukanganabe za chomwe chalakwika.