Gogodera wa flintlock kapena wa inline posaka agwape

Ku Pennsylvania, m'dziko la America, Khirisimasi ikangodutsa alenje amalowa m'tchire ndi gogodera wa flintlock. Ameneyu ndi gogodera weniweni wamakedzana: wonga umathira kukamwa kwa mfuti, chipolopolo chobulungira n'kuchisindira ndi ndodo, ndipo moto umathetheka mwala ukakhula chitsulo. Kunja kukachita chinyezi, wonga wa pakambale kakang'ono pamene motowo umagwera umanyowa, mfuti n'kukana gwape ali poteropo.

Wa inline, gogodera wamakono amene anatchuka wopanga mfuti Tony Knight atatulutsa mfuti yotchedwa MK-85 mu 1985, amayatsira kumbuyo pamalo otsekeka. Mvula saiopa kwenikweni, ndipo ukamuika galasi loonera patali amalasa bwino ngakhale pa mamita 150, pamene flintlock amafuna uyandikire mpaka cha pa 60.

Koma chimene chimandikhudza ine ndi nyama yovulala. Utsi woyera ukati tolo, suona kumene gwape walowera. Chipolopolo chobulungira nthawi zambiri sichitulukira mbali inayo, ndiye magazi amangodontha apa ndi apo, mwina kadontho kamodzi patsamba louma. Ukuyenera kugwada n'kuwayang'anitsitsa. Ofiirira athovu ndi a m'mapapo, nyamayo sinapite patali. Akuda bii ndi a chiwindi, dikira maola angapo. Ukaona zobiriwira zonunkha walasa m'mimba. Ukaithamangira idzadzuka pamene yagona n'kukafera kutali, choncho ipatse usiku wonse.

Mlenje wongoyamba kumene ndingamupatse wa inline, chifukwa chipolopolo chake chosongoka chimaboola kawirikawiri mbali zonse, magazi n'kusiya mzere wotsatika.