Tenti ya nylon, ya polyester kapena ya canvas, mvula ikamagwa usiku onse bola iti?

Ambiri pogula tenti timangothamangira nambala ija amalemba pabokosi, 1500mm, 3000mm, 5000mm, nkumaganiza kuti yayikuluyo ndiye yathetsa nkhani. Nambala imene ija amati hydrostatic head, amatenga nsaluyo nkuyiika kunsi kwa chubu choimirira nkumathira madzi mpaka atayamba kudutsa, ndiye kutalika kumene madziwo afika ndi komwe amalemba. Padenga 1500mm ndi poyambira chabe, 3000mm ndiye mtima umakhalako m'malo, koma pansi pamafunika yoposa apo, ngati 5000mm, chifukwa mukagwada kapena kutsamira chigongono mumakhala mukufinyira madzi munsalumo ndi thupi lanu lomwe. Koma nambalayo siikuuzani chilichonse za misoko, za nthunzi, kapena za m'mene tentiyo imamangidwira mvula ili mkati, ndipo apa ndi pomwe anthu amanyowera.

Tiyambe ndi ya nylon ya nsalu imodzi, zija zopepuka zomwe oyenda wapansi mtunda wautali amazikonda. Kupepuka ndiye palibe yoyiposa, imalowa mchikwama osaimva nkomwe, ndipo nylon ndi yolimba poyerekeza ndi kulemera kwake. Vuto lake ndi lakuti imamwa madzi pang'ono nkutamuka, ndiye tenti yomwe munaikoka bwinobwino madzulo pofika pakati pa usiku yakhwefuka, denga latsika likukukhudzani kumaso, mukuyenera kutuluka pamvula kukakokanso zingwe. Chachiwiri ndi nthunzi. Mpweya omwe mukupuma ndi chinyezi cha zovala zonyowa zikakumana ndi nsalu yozizira zimasanduka madontho mkati momwemo, ndiye poti palibe nsalu ina yokutchingani, mvula ikamamenya kunja madonthowo amakuwazani. Anthu ambiri amadandaula kuti tenti yawo ikudontha pomwe madziwo ndi a mpweya wawo omwe. Komanso ngati nylon yake ndi yopakidwa silicone mbali zonse, tepi yotseka misoko kuti isadonthe siimata, mumayenera kupaka nokha sealer (mankhwala otsekera misoko) wa silicone msoko uliwonse ulendo usanafike.

Ya polyester ya nsalu ziwiri, yamkati yopuma mpweya ndi flysheet (nsalu yakunja yotchinga mvula) pamwamba, ndi yomwe ine ndimaikhulupirira pamvula. Polyester siimwa madzi kwenikweni, siitamuka ikanyowa, imauma msanga, ndipo dzuwa siliidya mofulumira ngati nylon. Nthunzi imapangikabe inde, koma imakakhala kunsi kwa flysheet nkutsetserekera pansi kunja kwa chipinda chogona, bola nsalu ziwirizo zisakhudzane, pakhale mpata olo wa zala zingapo, ndipo timazenera ta mpweya tija musatitseke ngakhale kukuzizira. Onetsetsani kuti flysheet ikufika mpaka pafupi ndi pansi, osati kachipewa kaja kamangophimba pansonga, komanso kuti pansi pake pakhale pokwera m'mbali ngati beseni kuti madzi oyenderera asapeze polowera. Khonde nalonso ndi lofunika kwambiri, ndi pomwe nsapato zamatope ndi jekete yonyowa zimatsala.

Koma olo pa za nsalu ziwiri zomwezi pali kusiyana komwe ogulitsa sakonda kutchula. Zina mumayamba kuimika yamkati kenako nkuponya flysheet pamwamba, ndiye ngati mwafika pamalo mvula ikugwa kale chipinda chanu chimakhala chadzadza madzi musanamalize nkukhoma zikhomo komwe. Zina mapolo amalowa mu flysheet, mumayamba ndi denga nkudzakoleka yamkati muli pouma, kapena zonse zimadzuka limodzi. Ine pakati pa tenti ya 5000mm yoyamba ndi mkati ndi ya 3000mm yoyamba ndi denga, nditenga yachiwiriyo osaganizanso kawiri. Mapolo akhale a aluminium ngati mungathe, chifukwa mphepo ikakula amapindika pomwe a fibreglass amang'aluka nkuboola nsalu.

Canvas, nsalu yochindikala ya thonje, ndi nkhani ina. Ulusi wa thonje ukanyowa umafufuma nkutseka timipata tokha, nchifukwa chake yatsopano mumayenera kuimika pabwalo, kuinyowetsa ndi kuiumitsa kangapo musanapite nayo, apo ayi usiku oyamba idontha m'misoko. Ikakhazikika ndi yokoma kugonamo, imapuma, nthunzi ndi yochepa, phokoso la mvula silikhala lalikulu, ndipo ikasamalidwa imakhala zaka zambiri. Koma kulemera kwake abale, ikanyowa ndiye kuposa apo, yofuna galimoto basi, ndipo mukaipinda yonyowa nkuiwala masiku ochepa okha imachita nguwi nkuyamba kuwola. Ya polyester nayo musaisunge yonyowa, chinyezi chimawononga PU coating, utoto woletsa madzi womwe amapaka pansaluyo, mpaka imayamba kunanda ndi kusupuka.

Lona lowonjezera pamwamba, ena amati ndi katundu wachabe ngati tenti ili yabwino. Ine ndimati tengani. Limangeni mopendekera kuti madzi asadikhe pakati, lipitirire kutsogolo kwa khomo, mupeza pokhala ndi pophikira, chifukwa kuyatsa sitovu kapena makala mkati mwa tenti ndi zoopsa zenizeni, carbon monoxide, mpweya wapoizoni wotuluka pamotowo, alibe fungo ndipo amapha anthu ali mtulo. Choyala pansi pa tenti chikhale chocheperako pang'ono kuposa tentiyo, chikatulukira m'mbali chimawakha madzi a padenga nkuwalowetsa kunsi kwanu.

Sleeping bag (thumba logonamo) ya nthenga ndi yofunda komanso yopepuka koma ikanyowa imafwapa nkusiya kufunditsa, ndipo kuuma kwake nkovuta. Ya synthetic, ya ulusi wopanga kufakitale, ndi yolemerako koma imafunditsabe olo ili ndi chinyezi, ndiye pamvula ndi imeneyo, muyikulunge mu pulasitiki yolimba mkati mwa chikwama limodzi ndi zovala zogonera zomwe simuzivala masana. Zovala za thonje zisiyeni, zikanyowa zimakuziziritsani.

Malo omangapo, matenti a mitundu itatu yonseyi lamulo ndi limodzi, pokwererapo pang'ono, osati pachidikha, osati mumtsinje ouma chifukwa mvula yogwa kumtunda imatha kuudzaza mwadzidzidzi, osatinso pansi pa mtengo oima okha kukakhala mphenzi, khomo lifulatire komwe mphepo ikuchokera.

Ndiye ngati mukupita pagalimoto kukakhala sabata pamalo amodzi ndipo kunyumba muli ndi poyanika, canvas ikusangalatsani. Ngati mukusenza chilichonse kumsana ndipo mwalolera kumapukuta madontho ndi kansalu usiku, nylon ya nsalu imodzi. Ena tonse polyester ya nsalu ziwiri yoyamba ndi denga, misoko yomatidwa tepi, ndipo muyiimike pabwalo kaye nkuithira madzi ndi payipi, wina ali mkati kuyang'ana m'misoko ndi m'makona, ulendo usanafike.