Roc3 ya Innova Pamphepo Yowomba Kumaso

Aliyense amene wasewerapo disc golf (masewera oponya chimbale chapulasitiki kuti chikalowe m'basiketi) pabwalo lopanda mitengo amadziwa kuti mphepo yowomba kumaso imasintha khalidwe la chimbale. Mphepoyo imawonjezera liwiro la mpweya wodutsa pachimbale, moti chimachita ngati chaponyedwa ndi mphamvu zoposa zimene mwagwiritsa ntchito, ndipo kwa woponya backhand (kumbuyo kwa dzanja kuli kutsogolo) ndi dzanja lamanja chimapendekera kumanja n'kukagwera kutali ndi basiketi. Chimbale changa chakale cha midrange (choponyera mtunda wapakatikati), chimene chinkauluka mowongoka bwino tsiku labata, chinandilowetsa m'tchire kangapo mpaka ndinaganiza zofuna china.

Ndinasankha Roc3, chimbale cha midrange cha kampani ya Innova, ya pulasitiki ya mtundu wa Champion, yolemera magalamu 180. Manambala ake ndi 5, 4, 0 ndi 3, ndipo amaimira liwiro, kuyandama, kupendekera kwa poyamba ndi kukhota kwa kumapeto. Pankhani ya mphepo awiri omalizawo ndiwo ofunika: 0 akusonyeza kuti chimbalecho sichitembenuka msanga, pamene 3 akusonyeza kuti chikamatha mphamvu chimabwerera kumanzere ndithu. Zimenezi n'zimene ndaona. Ndikachiponya chopendekeka pang'ono, mphepo imachiwongola, chimayenda chathyathyathya, kenako chimakhota n'kugwa pafupi ndi pamene ndimafuna. Tsiku lopanda mphepo chimakhota msanga ndipo mtunda umachepa, choncho sichinalowe m'malo mwa chimbale chowongoka ngati Buzzz ya Discraft, imene manambala ake ndi 5, 4, -1 ndi 1.

Pulasitiki si nkhani yaing'ono. Champion ndi yolimba ndipo imasunga kaulukidwe kake ngakhale itagunda mitengo kambirimbiri, pamene DX, pulasitiki ina ya Innova imene imagwirika bwino m'manja komanso ndi yotsikirapo mtengo, imaperepeseka msanga n'kuyamba kuuluka mowongoka. Osewera ena amazikonda zimenezo, koma wofuna chimbale cha mphepo asankhe yolimbayo, bola aziyenda ndi kathaulo chifukwa ikanyowa imaterera.

Ndinayesanso Justice ya Dynamic Discs, ya manambala 5, 1, 0.5 ndi 4. Imeneyi mphepo siyiyerekeza n'komwe kuigwedeza, koma siyandama, imatsika ngati mwala, ndipo ndiyoyenera woponya forehand (chikhatho chili kutsogolo) kapena wa dzanja lamphamvu amene akufuna kuzungulira mtengo chapafupi. Kwa wosewera wa mphamvu zapakatikati ngati ine, kugula chimbale chokhota kwambiri chotere pofuna kuthawa mphepo n'kutaya mamita ambiri popanda chifukwa.

Pali chinthu chimodzi chimene Roc3 singakukonzereni. Mukaiponya mphuno yake (mbali yakutsogolo) itadzuka, mphepo imalowa kunsi n'kuikweza m'mwamba, ndipo imagwa isanafike n'komwe theka la ulendo. Ndinayamba kuiona bwino nditazolowera kuiponya chapansi, mphuno itawerama, dzanja likudutsa pachifuwa mosakwera.