Ndimaweta maselo a khansa owala ngati ziphaniphani

Achimwene, paja munandifunsa pa foni kuti kodi ntchito ndikugwira kuno ku America ndi yanji kwenikweni. Nditayankha kuti ndili ku labotale munangoti "chabwino", koma mawu anuwo anali a munthu yemwe sanakhutire. Ndati ndilembe bwinobwino kuti ena onse omwe amafunsa zomwezi awerengere limodzi.

Udokotala ayi, odwala sindiwaona n'komwe. Ine ndimaweta maselo a khansa yotchedwa multiple myeloma, ya m'mafuta a m'mafupa. Imayambira m'maselo omwe ntchito yawo ndi kupanga asilikali otiteteza ku matenda. Limodzi likasokonekera limangoswana osaleka, n'kudzaza m'kati mwa mafupa, mafupawo n'kumafumbwa mpaka kuthyoka ndi kanthu kosadziwika bwino. Magazi amachepa, kashiamu amachuluka m'magazi, impso zimafooka. Ambiri amayamba ndi msana wosamva mankhwala. Kuno imagwira anthu akuda kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu, ndiye musadabwe kuti ndinaikapo mtima.

Kuvuta kwa khansa imeneyi n'kwakuti imabisala m'fupa. Chotupa cha pakhungu umachigwira, umachiyeza. Nanga cha m'kati mwa msana wa mbewa yamoyo uchiona bwanji? Apa m'pamene pamalowera chiphaniphani.

Kachilombo kaja kamawala chifukwa m'thupi mwake muli enzyme, puloteni yofulumizitsa zochitika m'selo, yotchedwa luciferase. Ikakumana ndi mankhwala ena otchedwa luciferin, pali okosijeni ndi ATP, imatulutsa kuwala. ATP ndiyo mphamvu yomwe selo limapanga likadali moyo, likafa imatha msanga. Mu 1985 gulu la Marlene DeLuca ku University of California San Diego linakwanitsa kupatula jini ya luciferase, kutanthauza malangizo achibadwa omwe selo limatsata popanga enzyme imeneyi, ndipo lero ife timailowetsa m'maselo a khansa. Chonyamulira jiniyo ndi vairasi yotchedwa lentivirus, yopangidwa kuchokera ku HIV koma yochotsedwa zonse zoichititsa kuswana. Tsiku loyamba kumva zimenezo ndinavala magolovesi awiriawiri, thukuta lili kamukamu, ndipo mpaka pano ndimavalabe awiri chifukwa ndilo lamulo. Kenako timathira mankhwala otchedwa puromycin, amene amapha selo lililonse lomwe silinalandire jiniyo. Otsalawo ndi ana awo onse amakhala owala.

Maselo omwe ndimasunga kwambiri ndi a MM.1S. Anachokera m'magazi a mayi wina wachikuda wa zaka 42, ndipo anakhazikitsidwa ku Northwestern University mu Chicago. Ndikamawatulutsa mu nayitrojeni wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, kabotolo kakutuluka nthunzi, nthawi zina mayiyo amandibwerera m'maganizo. Tilinso ndi a RPMI 8226, omwe akhala akuwetedwa kuyambira 1966, achikulire kuposa ine ndi inu. Onsewa amakhala m'bokosi lotentha madigiri 37, m'madzi ofiirira omwe amasanduka achikasu chakudya chikatha. Sadziwa Loweruka, sadziwa Lamlungu. Madzi akachita chikasu, uyenera kupita basi.

Ntchito yeniyeni ili ku chipinda cha mbewa. Mbewa zake ndi zoyera, zamtundu wa NSG, zopanda chitetezo cha m'thupi kuti zisakane maselo a munthu. Timabaya maselowo mu mtsempha wa kumchira, kamtsempha kochepa ngati ulusi, ndipo miyezi yanga yoyamba ndinkaphonya kuposa kulasa. Akalowa amadzipezera okha njira ya ku mafupa: msana, ntchafu, chigaza, monga momwe amachitira mwa munthu. Kamodzi pa sabata timazibaya luciferin pamimba, mamiligalamu 150 pa kilogalamu ya kulemera kwake, n'kudikira mphindi 10. Timazigoneka ndi mpweya wa isoflurane, zisanu pamzere, timphuno tili m'timapaipi, m'bokosi lakuda bii lotchedwa IVIS. Kuwalako ndi maso sungakuone. Kamera ya m'bokosimo, yoziziritsidwa mpaka madigiri 90 pansi pa ziro, ndiyo imatola kamodzikamodzi, kompyuta n'kupaka mitundu. Pobiriwira ndiye kuti maselo ndi ochepa, pofiira achuluka. Mankhwala omwe tikuyesa akamagwira ntchito, kufiirako kumazilala sabata ndi sabata.

Ndiye mvetserani zomwe zinandichitikira chaka changa choyamba. Tinali pa sabata yachitatu ya mankhwala ena atsopano. Nditajambula, mbewa zitatu mwa zisanu zinatuluka zakuda, popanda ngakhale kadontho. Mtima unagunda. Ndinathamangira kwa abwana, mayi wodekha yemwe sakweza mawu, laputopu ili m'manja. Anayang'ana kanthawi, n'kundifunsa kuti luciferin anabaya ndani. Ndinati ndine. Anati ndikajambulenso mawa, koma abaye mnzanga. Kutacha zitatu zonse zinali psuu, msana wonse. Singano yanga inali italowera pena, m'mafuta kapena m'matumbo, luciferin osafika m'magazi. Khansa inali phee m'malo mwake, ine n'kumasangalalira mdima wopanga ndekha. Manyazi ake ndinasowa poyang'ana.

Chichokereni tsikulo, chithunzi chakuda ndimachikayikira kuposa chowala. Zozimitsa kuwala popanda kupha khansa zilipo zambiri. Mankhwala ena amatsekereza luciferase yemweyo, selo lili bwinobwino. Maselo ukawaweta nthawi yaitali ena amaigoneka jini ija, osaigwiritsanso ntchito. Pakati pa chotupa chachikulu okosijeni amachepa, kuwala n'kuchepanso. Ngakhale ubweya ndi khungu zimameza kuwala, n'chifukwa chake timajambula kumsana ndi kumimba komwe. Choncho timatenganso timagazi kuti tiyeze puloteni ya munthu yomwe maselo a myeloma amatulutsa, ndipo pamapeto timatsuka mafuta a m'fupa la ntchafu n'kuwerenga maselo enieniwo. Ziwirizi zikagwirizana ndi chithunzi, m'pamene abwana amagwedeza mutu.

Gawo lomwe ndimalikonda lilibe mbewa. Timatenga mbale yoyera ya timaenje 96, m'timaenje tina n'kuikamo maselo a khansa okha, m'tina n'kuwasakaniza ndi maselo abwinobwino a m'mafuta a m'mafupa. Popeza owala ndi a khansa okha, makina amawerenga iwo basi ngakhale ali m'chigulu. Njira imeneyi anaifotokoza a gulu la Constantine Mitsiades ku Dana-Farber mu Boston mu 2010. Umaona ndi maso ako mankhwala omwe apha khansa ili yokha akulephera ikakhala pakati pa anansi ake, chifukwa anansiwo amaitchinjiriza.

Tsono funso la amayi lija, loti kodi mankhwala ndawapeza, muwauze kuti ayi. Alipo ndithu omwe ena anapeza: bortezomib analoledwa kuno mu 2003, daratumumab mu 2015, ndipo mu 2021 kunabwera CAR-T, pomwe amatenga asilikali a m'magazi a wodwala n'kuwaphunzitsa kusaka khansayo. Anthu akukhala zaka zambiri kuposa kale, koma kwa ambiri matendawa amabwereranso, ndipo kubwererako n'kumene tikulimbana nako. Mwa mankhwala omwe ndayesapo ine, ambiri anathera pa mbale ija, sanafike n'komwe pa mbewa.

Loweruka lino ndili ndi mbewa 20 zoti ndijambule, ndipo foni imatsala m'lokala panja pa chipindacho. Mukaimba osayankhidwa musade nkhawa, ndidzakuimbirani ndikatuluka.