Hurricane ya EPP: ndege ndi yolimba, koma pepala la m'bokosi musalikhulupirire

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwe lija mawu ake sakanayenera kuwerengedwa pagulu. Ndikunena za Hurricane ija ya mapaundi 95, ndege yarimoti yofanizira ndege yankhondo ya ku Britain, yopangidwa ndi EPP (pulasitiki yofewa ndi yopepuka ngati thovu), yobwera m'bokosi yosalumikiza, yomwe ambiri a inu okonda ndege zamarimoti kuno ku UK mumaidziwa. Wogulitsa wake sindimutchula dzina. Nditaphatikiza mota, ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota), ma servo atatu (timamota tosuntha zowongolera ndege) ndi mabatire awiri a mtundu wa 3S 2200, zonse zinandidyera mapaundi 170. Ine ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndiye ndalama imeneyo ndi pafupifupi mausiku awiri osagona. Anati katundu afika m'masiku asanu, anafika patatha masabata atatu, koma zimenezo ndinazikhululuka kalekale.

Anzanga a kukalabu ankandiuza kuti ndigule Spitfire kapena Mustang, monga amachitira aliyense. Ine mtima wanga unali pa Hurricane. Agogo anga aamuna analowa usilikali wa KAR (King's African Rifles) ku Zomba ndipo mu 1944 anali ku Burma. Tili ana ankatifotokozera za ndege zomwe zinkadutsa chapansipansi, pamwamba penipeni pa mitengo, kukaphulitsa kumene kunabisala adani. Nditakula ndinawerenga kuti zina mwa ndege zomwe zinkagwira ntchito imeneyo ku Burma zinali ma Hurricane. Ndege imeneyi anaikonza ndi Sydney Camm, inayamba kuuluka mu 1935, ndipo pa nkhondo ya mlengalenga ya ku Britain mu 1940 inagwetsa ndege za adani zambiri kuposa Spitfire, ngakhale kutchuka kunapita kwa mnzakeyo. Komanso phiko lake ndi lokhuthala. Pa muyeso wa 1:12 womwe timagwiritsa ntchito pa mpikisano wa nkhondo ya ndege zamarimoti, mapiko a Hurricane yeniyeni omwe ndi mamita 12.19 amatsika n'kukhala mita imodzi ndi pang'ono, ndiye ndege yake imakhala yodekha m'manja, siikugwetsa msanga ukachedwa kuganiza.

Pa kalumikizidwe ndilibe chodandaula. Zidutswa anazidula bwino, zinalowana popanda kupala ndi mpeni, ndipo kamtengo ka carbon kolimbitsa phiko kanakwana ndendende mu mzere wake. Madzulo awiri ndi guluu wotentha, ndege inaima. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 11, ndi amene anapenta mabala obiriwira ndi ofiirira ndi kumata zizindikiro zozungulira zija za RAF, gulu lankhondo la mlengalenga la Britain. Nambala yanga ya ku CAA, bungwe loyang'anira za ndege kuno ku UK, anaimatanso yekha m'kati mwa chitseko cha batire. Anagwira ntchitoyo mosamala ngati mmene ife tinkapindira mawaya a galimoto ku Chileka, maso ali kumwamba kudikira ndege yamasana.

Tsono vuto linali pa pepala la malangizo. Aliyense woulutsa amadziwa kuti ndege ili ndi malo amodzi pansi pa phiko pomwe ukaiika pa zala ziwiri iyenera kukhala chilili, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Malo amenewo timati CG. Pepala linalemba momveka bwino, ndi chithunzi chomwe: mamilimita 80 kuchokera kumphepete ya kutsogolo kwa phiko. Mtima unandigunda pang'ono, chifukwa phiko lake pafupi ndi thupi ndi la mamilimita pafupifupi 200, ndipo kawirikawiri CG imakhala pakati pa gawo limodzi la magawo anayi ndi gawo limodzi la magawo atatu. Koma ndinati wokonza ndegeyo ndiye akuidziwa, mwina pali chifukwa chake. Ndinakankhira batire kumbuyo mpaka ndege inakhazikika pa 80 paja, n'kulimanga pomwepo.

Loweruka lina mu April tinapita kubwalo la kalabu. Kunali bata, kamphepo kochepa kochokera kumadzulo, nkhosa zikudya kuseri kwa mpanda. Ndege izi zilibe matayala, zimachita kuponyedwa ndi dzanja, ndiye bambo ena achikulire a pakalabu pathu, omwe aulutsa ndege zaka zoposa makumi anayi, ndi amene anandiponyera. Itangochoka m'manja mwawo inaimika mphuno m'mwamba ngati mbuzi yofuna kudya masamba a mumtengo. Ndinakankha kandodo ka rimoti kutsogolo, iyo n'kugwadira pansi mwamphamvu. Ndinakoka pang'ono chabe, n'kuimiriranso. Kukwera, kugwada, kukwera, kugwada, ndipo ulendo uliwonse kunkakula kuposa woyamba. Zala zanga zinkangoithamangira kumbuyo, osaipeza. Kachitatu inaima m'mwamba liwiro litatha, phiko lakumanzere linagwa, inazungulira kamodzi ndi theka n'kudzabaya pansi ndi mphuno. Zonsezi sizinakwane masekondi 15.

Mwana wanga ndi amene anayamba kuthamangirako. Ndinamuona akuwerama, akutola kanthu, kenako akubwerera pang'onopang'ono atagwira theka la pulopela m'manja, osanena kanthu. Nkhope imeneyo ndi imene yandilembetsa ndemanga iyi. Mphuno inali itafinyika ngati buledi wokhaliridwa, chitsulo cha mota chinapindika, ndipo batire linali ndi chibowo chachikulu pakona. Batire la mtundu uwu, la LiPo, likatero silibwereranso m'ndege kapena m'nyumba, chifukwa limatha kuyaka lokha, ndiye mapaundi ake anathera pomwepo.

Bambo achikulire aja anatola ndegeyo, anabwezera batire pamalo pomwe ndinalimanga, anaiika pa zala zawo, n'kundiyang'ana. Anandifunsa kuti anandiuza ndani kuti ndiike CG pamenepa. Ndinatulutsa pepala m'bokosi la zida n'kuwapatsa. Anawerenga kawiri, anatenga rula, anayeza phiko, n'kulemba ndi cholembera 55 pansi pa phiko lililonse. Anati ndege yolemera kumchira motere ngakhale iwo sakanaiulutsa, ndipo anadziimba mlandu kuti sanaiyeze asanaiponye. Munthu wosalakwa anapepesa.

Wolakwa weniweniyo, wogulitsa uja, ndiye ayi. Madzulo omwewo ndinamutumizira zithunzi za pepala, za ndege, ndi kanema yemwe mnzanga wina anajambula pa foni. Ndinalemba mwaulemu, sindinatukwane, ndinangoti nambala iyi ndi yolakwika ndipo yandiwonongera katundu. Anakhala chete masiku awiri. Yankho lake litabwera linali lakuti ndege zankhondo si za anthu ophunzira kumene, ndipo ndikanayamba ndi ndege yophunzirira. Abale anga, ine ndaulutsa ndege zaka zisanu ndi chimodzi, ndine membala wa BMFA, bungwe la oulutsa ndege zamarimoti kuno ku UK, ndipo ndinamuuza zimenezo mu uthenga woyamba womwe. Sanauwerenge n'komwe, kapena anauwerenga n'kusankha kundiyesa mwana. Ndinamuyankha kuti ayeze yekha phiko la ndege yake. Anati palibe wina amene anadandaulapo.

Apa mpamene ndinafunsa m'gulu lathu la pa WhatsApp, ndipo pasanathe ola anthu awiri anayankha kuti nawonso anaiona nambala ija, anaikayikira, n'kuyeza okha. Mmodzi anati anamuuza wogulitsayo chaka chatha. Chaka chatha! Ndiye kuti munthuyu ankadziwa, koma anapitiriza kuika pepala lomwelo m'mabokosi, n'kumandiuza ine kuti ndine woyamba. Nditamuonetsa zimenezi anasintha nyimbo, n'kuti aliyense wodziwa ntchito amayeza yekha osadalira pepala. Nanga pepalalo analilemberanji? Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti abweze mtengo wa batire ndi mota, mapaundi 38. Anakana. M'malo mwake anati andichotsera 10 peresenti ndikadzagulanso china. Munthu wandiwonongera, kenako akundiitana kuti ndibwere ndimupatsenso ndalama. Usiku umenewo ndinapita kuntchito mtima uli chiwiritsire, ndipo ndinalumbira kuti zidutswazo ndizitaya m'bini.

Sindinazitaye, chifukwa mwana anakana. Ndipo apa ndiyenera kunena zoona ngakhale zikumukometsa munthu amene sindikufuna kumukometsa. EPP yomwe amagwiritsa ntchito ndi yabwino kwambiri. Ndinaviika mphuno ija m'madzi otentha ndipo makwinya ambiri anadzuka, inabwerera pafupifupi mmene inalili. Pomwe panang'ambika ndinathira guluu, ndinakulunga tepi ya ulusi, n'kupentanso. Kamtengo ka m'phiko sikanathyoke, mchira sunasunthe n'komwe. Ndege ya matabwa a balsa ikanagwa chonchija tikanaitolera m'thumba la pulasitiki. Nditaika mota yatsopano ndi kusunthira batire kutsogolo mpaka pa 55, inali ndege ina. Inachoka m'manja mowongoka ngati yakokedwa ndi chingwe. Imakhota mothina popanda kugwetsa phiko, ndipo ukazimitsa mota imatsetsereka bwinobwino mpaka kudzakhuza mimba pa udzu.

Mpikisano unali mu June. Kalabu yathu imatsatira malamulo a Aircombat, omwe ndi otchuka kwambiri ku Sweden, Germany ndi Czech Republic. Ndege iyenera kukhala chifaniziro cha ndege yankhondo ya pakati pa 1935 ndi 1945. Iliyonse imakoka riboni ya pepala yotalika mamita 12, ndipo gawo limodzi la nkhondo ndi mphindi 7. Ukadula riboni ya mnzako umapeza mapointi 100, ukasunga yako yosadulidwa umapeza 50, ndipo masekondi atatu alionse omwe uli m'mwamba amakupatsa pointi imodzi. Aliyense amavala helemeti, ndipo mukaona ndege zisanu ndi imodzi zikupiringizana pamalo amodzi mumamvetsa chifukwa chake.

Gawo loyamba riboni yanga inadulidwa msanga, sindinaone n'komwe amene anaidula. Gawo lachiwiri ndi lomwe sindidzaiwala. Kunali Fw 190 ina, chifaniziro cha ndege yankhondo ya ku Germany, yothamanga kuposa yanga, yomwe mwini wake ankakonda kukwera pamwamba n'kutsika ngati mphamba. Kuithamangitsa kunali kutaya nthawi, ndiye ndinangoidikira pansi. Itatsika n'kuyamba kukhota kuti ikwerenso, ndinakhotera m'kati mwake, pomwe Hurricane imapambana, ndipo riboni yake inadutsa pa phiko langa lakumanja. Ndinaona chidutswa chachikasu chikuuluka chokha, chikutsika mozungulira, kwinaku china chitakoleka pa phiko langa. Kumbuyo kwanga mwana anakuwa m'Chichewa kuti "Adadi mwaidula!", azungu onse n'kutembenuka. Manja ananjenjemera mpaka ndinatsala pang'ono kuiwala kuti ndege idakali m'mwamba.

Gawo lachitatu tinagundana m'mwamba ndi Fw 190 yomweyo, phokoso lake ngati wamenya katoni ndi chibonga. Yake inathyoka mchira n'kugwa. Yanga inagwedezeka, inatsika pang'ono, n'kupitiriza kuuluka mpaka wezulo yomaliza. Itatera tinapeza kuti pulopela ya mnzangayo inadula phiko langa malo atatu, ndipo tinamata ndi guluu pompo pamalo oimika magalimoto, mphindi khumi zokha. Ndinamaliza pa nambala 5 mwa anthu 9, pa ndege yomwe miyezi iwiri m'mbuyomo inali yopita kubini.

Tizolakwika tina tilipo. Maginito a chitseko cha batire ndi ofooka, chinauluka chokha kawiri mpaka ndinayamba kuchimata ndi tepi. Timapulasitiki tolumikiza servo ku mchira ndi tofewa, sinthani musanaulutse. Pomangirira riboni palibe, muyenera kupanga nokha, zomwe zikudabwitsa pa ndege yogulitsidwa ngati ya mpikisano.

Mwezi watha mnzanga wina anagula Hurricane yomweyi ndipo anandionetsa pepala lake. Palembedwa 55. Ndiye kuti anakonza mwakachetechete, popanda kulengeza kwa omwe anagula kale, popanda kunditumizira ngakhale mawu amodzi. Ndikuthokoza kuti mwana wa wina sadzatola theka la pulopela pa udzu, koma kwa ine zandiwonjezera mkwiyo, chifukwa zikusonyeza kuti anavomereza mumtima kuti ndinkanena zoona. Inu amene muli ndi bokosi lakale lomwe simunatsegule, yang'anani pepalalo lero, ndipo ngati palembedwa 80 fufutani.

Ndegeyo ndikuipatsa nyenyezi zisanu, wogulitsa imodzi. Chomwe chikundipweteka n'chakuti pa mpikisano umafunika ndege ziwiri kapena zitatu, yina ikagwa uzitenga ina, ndipo ndafufuza koma sindinapeze Hurricane ya muyeso umenewu yodulidwa bwino ngati iyi. Mwana akufuna yachiwiriyo ikhale yake, waisankhira kale mitundu ya ku Burma. Ndikuona kuti ndigulanso kwa munthu yemweyu chisanu chisanafike, ndipo mu uthenga woitanitsa ndidzamukumbutsanso za mapaundi 38 anga aja.