Micro:bit patatha materemu awiri m'kalabu yathu ya makompyuta

Timakina ta BBC micro:bit titangofika pasukulu pathu, ndinalemba mwachidule kuti ana akondwera nato ndipo sitivuta kuyamba. Mphunzitsi aliyense amatero sabata yoyamba. Tsopano tadutsa nato materemu awiri m'kalabu ya ana a Fomu 2 ndi Fomu 3, chisangalalo cha chinthu chatsopano chinatha kalekale, ndiye ndikhoza kunena zimene zatsala.

Kwa amene sanakaonepo, micro:bit ndi kabolodi kokwana m'chikhatho, kamene BBC inagawa kwa ana asukulu ku Britain mu 2016. Ife tili ndi mtundu wachiwiri, V2, wa mu 2020. Kutsogolo kuli timagetsi 25 tofiira ndi mabatani awiri, A ndi B. Kali ndi sipika, maikolofoni, kachipangizo komva kakagwedezedwa, komanso wailesi yotumizirana mauthenga ndi kanzake. Pulogalamu mumaimanga pa MakeCode ya Microsoft polumikiza timabuloko, kenako mumaitumiza kukabolodiko kudzera pachingwe cha USB.

Timabolodi tonse tikugwirabe ntchito, ngakhale tagwapo pasimenti ndi kugona m'fumbi la m'kabati. Zimene zatisautsa ndi zapambali. Mawaya a timabokosi ta mabatire a AAA ndi opyapyala, ndipo mwana akakoka waya m'malo mogwira pulagi, amaduka. Zingwe za USB zimene tinaonjezera kumsika ndiye zinatizunguza mutu, chifukwa zambiri ndi zotchajira foni basi. Kabolodi kamayaka bwinobwino koma kompyuta siikaona, ndipo ana amayamba kufufuta pulogalamu yolondola poganiza kuti ndiyo yalakwika. Zingwe zabwino tinazikulunga selotepi yofiira.

Nkhani yaikulu ndi yogwirira ntchito limodzi. Malaputopu ndi ochepa, choncho ana amakhala anayianayi. Teremu yoyamba gulu lililonse linali ndi mwini wake: mwana mmodzi, kawirikawiri mnyamata amene kwawo kuli foni yamakono, amatenga kiyibodi, anzake n'kumangoyang'ana ngati anthu oonerera bawo pansi pa mtengo. Ndinaika lamulo loti wina azigwira kiyibodi, wina aziuza wogwirayo chochita, ndipo azisinthana pakapita mphindi khumi. Zinathandizako pang'ono, koma wochenjera uja ankangolamula ali chiimire kumbuyo.

Chimene chinasintha zinthu ndi wailesi ija. Teremu yachiwiri tinapanga choyezera chinyezi m'dimba la sukulu, ndipo ntchitoyo ndinaidula mwadala kuti gulu lililonse likhale ndi gawo losathandiza palokha. Gulu loyamba linazika misomali iwiri m'bedi la mpiru ndi kuilumikiza kukabolodi ndi mawaya okhala ndi timano. Dothi lonyowa limadutsitsa magetsi mosavuta kuposa louma, ndipo kabolodi kamawerenga zimenezo ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 1023. Gulu lachiwiri linali ndi kabolodi kolandira uthenga, koonetsa nkhope yosekerera kapena yachisoni. Lachitatu linali losunga manambala, chifukwa V2 imatha kusunga zimene yayeza m'fayilo yotsegula pakompyuta pambuyo pake.

Tsiku loyesa palibe chinafika. Oyamba anaika wailesi yawo panambala 7, achiwiri panambala 1, ndipo timabolodi timamvana pokhapokha tili panambala imodzi mwa 0 mpaka 255. Atakonza zimenezo, oyamba ankatumiza nambala pamene achiwiri ankadikira mawu akuti "louma". Kunabuka mkangano, aliyense akuti ake ndi olondola, ndipo analidi olondola onse. Ndinangokhala chete. Potsiriza mtsikana wina wa Fomu 3, amene teremu yonse yoyamba sanakhudzeko kiyibodi, anang'amba pepala m'kope n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tiyambe tagwirizana kaye." Analemba nambala ya wailesi, chimene chizitumizidwa, nthawi yotumizira, ndi malire osonyeza kuti dothi lauma. Pepala limenelo linamatidwa pakhoma ndipo ndilo linkathetsa milandu yonse.

Jeannette Wing, katswiri wa makompyuta wa ku America, analemba mu 2006 kuti kuganiza monga amaganizira akatswiri a makompyuta ndi luso lofunika kwa aliyense, osati kwa iwo okha. Ine ndinaziona papepala lija kuposa pasikirini. Kugawa vuto m'zidutswa ndi kugwirizana mmene zidutswazo zizilumikizirana, zonse zinachitika ndi bolopeni. Mwana wofulumira pakiyibodi analibe njira yomalizira yekha, popeza theka lina la ntchito linali m'manja mwa anthu amene anayenera kuwamvetsera.

Dimbalo linatiphunzitsanso zina. Malire amene anagwira m'bedi la dothi lakatondo anakana m'bedi lamchenga, ndiye ana anayeza bedi lililonse louma ndi lothiriridwa kuti apeze nambala yake. Misomali inachita dzimbiri msanga chifukwa magetsi ankadutsamo usana ndi usiku, manambala n'kuyamba kusochera. Njira yake inali kupatsa msomali magetsi kuchokera papini (polumikizira waya pakabolodi) imene pulogalamu imayatsa pa nthawi yoyeza yokha, zimene zinasunganso mabatire. Za kutentha musakadalire kwenikweni. Kabolodika kamayeza kutentha kwa chipu chake, kachipangizo koyendetsa pulogalamu, ndiye kakakhala padzuwa la Okutobala kamaonetsa zoposa mpweya weniweni.

Magetsi akazima sitiweruka. MakeCode tinaika yosafuna intaneti, timabolodi timayendera mabatire, ndipo malaputopu akatha moto timatenga masewera ophunzitsa za makompyuta popanda kompyuta a CS Unplugged, amene Tim Bell ndi anzake anakonza ku University of Canterbury ku New Zealand. Makadi a madontho 1, 2, 4, 8 ndi 16 owerengera manambala a bainale (olembedwa ndi 0 ndi 1 basi) tinajambula pamakatoni a sopo, ndipo akadalipo.

Pali ziwiri zimene sindikhutira nazo. Timagetsi 25 timaonetsa chilembo chimodzi panthawi, choncho ana amene asamukira ku Python, chilankhulo cholembera pulogalamu m'mawu m'malo mwa timabuloko, amadikira uthenga wa cholakwika ukudutsa pang'onopang'ono, ndipo ukaphethira umayambiranso. Chachiwiri si vuto la kabolodi, ndi la ntchito yapagulu iliyonse: kupereka malikisi. Ntchito ikayenda, sudziwa ndani wamvetsa. Panopa ndimaitana mwana aliyense kuti afotokoze gawo limene analemba mnzake ndi kunena chimene chingachitike nditasintha nambala imodzi. Zimadya nthawi, koma obisala kumbuyo kwa anzawo amaonekera.

Sukulu ya ndalama zochepa isavutike kugulira mwana aliyense kake. Timabolodi tiwiri pagulu la ana anayi n'tokwanira, malinga tikhale tiwiri kuti wailesi igwire ntchito. Ndalama yotsalayo mugulire zingwe za USB zotumiza mafayilo, mawaya a timano ochuluka, timabokosi ta mabatire tapadera ndi mabatire otchajanso. Teremu ikubwerayi ana apempha kupanga belu lodziwitsa kuti thanki ya madzi yadzaza, ndipo magulu ndiwasakaniza kuti amene anali kotumiza apite kolandira.